Nkhokwe za kafukufuku m'mayunivesite: khomo n'lotsekula, koma mawu ndiwo kiyi

LILONGWE – M'mwezi wa Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, kumpoto kwa Malawi, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Chimene motowo sunachikhudze ndi magazini a kafukufuku amene ophunzira ndi aphunzitsi amawerenga pa intaneti, popeza magaziniwo sanali m'nyumbayo. Masiku ano gawo lalikulu la chuma cha laibulale ya sukulu ya ukachenjede limakhala m'makompyuta a kutali. Chimene laibulale imasunga ndi chilolezo cholowera.

Malo amene zolembazi zimasungidwa amatchedwa database m'Chingerezi, ndipo m'Chichewa dzina lowayenera ndi nkhokwe. Zilipo za mitundu iwiri, ndipo wophunzira wosazisiyanitsa amataya nthawi yambiri. Zina, monga PubMed ya boma la America, kwenikweni ndi kaundula wa nkhani za zaumoyo: zimapereka mutu wa nkhani, mayina a olemba, chaka ndi chidule chake. Zina, monga JSTOR ndi ScienceDirect, zimasunga nkhani yonse yathunthu. Kawirikawiri munthu amayamba wapeza nkhani m'kaundula, kenako n'kukaitenga m'nkhokwe ina imene laibulale yake ili ndi chilolezo chake.

Chilolezocho sichinabwere chokha. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, malaibulale ambiri a m'chigawo chino anasiya kugula magazini akunja chifukwa cha kukwera mtengo komanso kuchepa mphamvu kwa ndalama za m'mayikowa. Zinthu zinayamba kusintha mu 2002, pamene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, mogwirizana ndi makampani asanu ndi limodzi ofalitsa mabuku, linakhazikitsa ndondomeko ya HINARI. Inayamba ndi magazini pafupifupi 1,500. Mu 2003 bungwe la FAO linayambitsa AGORA ya zaulimi, ndipo mu 2006 panabwera OARE ya zachilengedwe. Pambuyo pake ARDI ya sayansi ndi luso komanso GOALI ya zamalamulo zinawonjezeredwa, ndipo zonse pamodzi zimadziwika ndi dzina loti Research4Life. Masukulu ndi zipatala za m'mayiko osauka kwambiri, monga Malawi ndi Mozambique, amalowa mwaulere. A m'mayiko opezako bwino amalipira ndalama yochepa pachaka, pamene South Africa sali m'gulu la opindula. Mu 2006 JSTOR nayo inachotsa malipiro kwa masukulu a mu Africa.

Vuto la nthawi imeneyo linali njira. Ku Malawi, malaibulale anapanga mgwirizano wa MALICO mu 2003, ndipo mu 2005 mgwirizanowu unaika makina anayi olandirira intaneti kudzera pa setilaiti m'masukulu a ukachenjede. Mawaya a pansi pa nyanja anafika kugombe la kum'mawa kwa Africa mochedwa: SEACOM mu 2009, EASSy mu 2010. Amene anaphunzira zaka zimenezo amakumbukira nkhani ya masamba khumi imene inkatenga masana onse kuti itsike.

Kalowedwe kake n'kosavuta. Nkhokwe imazindikira kompyuta imene ili pa netiweki ya yunivesite ndipo imatsekula yokha. Amene ali kunja kwa sukulu amafunika dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, zimene amapereka ndi wa laibulale. Mawu achinsinsiwo ndi a sukulu, osati a munthu. Akagawidwa kwa anthu akunja, kapena wina akatsitsa magazini athunthu mochulukitsa, ofalitsa ali ndi mphamvu yotseka sukulu yonse, ndipo olakwa ndi osalakwa amavutikira limodzi.

Komabe pamene ambiri amagwa ndi pa kasankhidwe ka mawu. Nkhokwe simva funso ngati mmene munthu amamvera. Imafanizira zilembo zimene zalembedwa ndi zimene zili m'kaundula wake, basi. Ndipo nzeru zambiri zokhudza chigawo chino zinasungidwa pansi pa mayina amene eni dera sawagwiritsa ntchito.

Wophunzira zaulimi amene akufufuza za kaufiti sapeza kanthu mpaka atalemba Striga. Wofufuza za ntchemberezandonda ayenera kudziwa kuti dzinalo lingathe kutanthauza mbozi ziwiri zosiyana: Spodoptera exempta, imene yakhala mu Africa kuyambira kale, ndi Spodoptera frugiperda, yochokera ku America, imene inaoneka koyamba mu Africa mu 2016 n'kusakaza chimanga kum'mwera kuno m'nyengo yotsatira. Kusokoneza ziwirizi ndi kuwerenga za mdani wina pamene m'munda muli wina. Chambo lero chimalembedwa pansi pa dzina la Oreochromis, koma nkhani zakale zimachitchula Tilapia kapena Sarotherodon. Nyanja imene chambocho chimakhala ili ndi mayina atatu: Lake Malawi, Lake Nyasa, ndi Lago Niassa kwa olemba Chipwitikizi a ku Mozambique. Wolemba dzina limodzi lokha amapeza gawo chabe la zimene zinalembedwa. Chimodzimodzinso wofufuza mbiri: zolembedwa chisanafike chaka cha 1964 zili pansi pa Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Ngakhale chiyankhulo chenichenichi chili ndi vuto lomweli. Chinayamba kutchedwa Chichewa m'boma la Malawi mu 1968. Ku Zambia ndi ku Mozambique chimadziwika kuti Chinyanja, ndipo makaundula ambiri akunja amachilemba Nyanja kapena Chewa. Dikishonale ya David Clement Scott ya 1892 imachitchula Mang'anja. Galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937, imene analemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, imati Chichewa, monganso buku la Sam Mchombo la 2004. Wophunzira zinenero amene sakudziwa mayina onsewa angathe kunena mu lipoti lake kuti nkhaniyo sinafufuzidwepo, chonsecho ena anaifufuza agogo ake asanabadwe.

Mankhwala ake ndi timawu titatu ta Chingerezi timene nkhokwe zambiri zimamva. OR amasonkhanitsa mayina a chinthu chimodzi: Chichewa OR Nyanja OR Chewa. AND amachepetsa, polamula kuti mawu onse awiri apezeke m'nkhani imodzi: Striga AND maize. NOT amachotsa, koma ndi woopsa, chifukwa amataya nkhani yabwino imene yangotchulapo mawu osafunikawo kamodzi. Mawu angapo akatsekeredwa m'zizindikiro zogwira mawu amafufuzidwa monga chinthu chimodzi, ndipo kanyenyezi kumapeto kwa tsinde la mawu kamabweretsa nthambi zake zonse. Nkhokwe zikuluzikulu zilinso ndi mndandanda wa mawu ovomerezeka: MeSH ya zaumoyo ndi AGROVOC ya zaulimi. Mphindi khumi zowerenga mndandandawo zimapindula kuposa maola awiri olemba mwachimbulimbuli. Nkhani imodzi yabwino ikapezeka, mawu amene yasungidwira ndi mayina a mabuku amene yatchula kumapeto kwake ndiwo amalozera kwina.

Ambiri amathamangira ku Google Scholar, imene inayamba mu 2004. Ndi chida chothandiza, makamaka poona amene atchulapo nkhani inayake. Koma imasonkhanitsa zounikidwa ndi akatswiri pamodzi ndi zosaunikidwa, ndipo nthawi zambiri imamufikitsa munthu pa tsamba lomuuza kuti alipire madola makumi angapo pa nkhani imene laibulale yake ili nayo kale mwaulere. Palinso magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira. Kuona ngati magazini ali m'kaundula wa DOAJ, amene anayamba mu 2003 ku Yunivesite ya Lund ku Sweden, ndi njira imodzi yodzitetezera.

Ulere wa Research4Life nawo uli ndi malire. Ofalitsa amapereka mwa kufuna kwawo, ndipo angathe kuchotsa magazini awo m'dziko lililonse. Izi zinachitika ku Bangladesh kumayambiriro kwa 2011, ndipo ena anawabwezera pokhapokha madokotala ndi ofufuza atadandaula poyera.

Chinanso n'chakuti nkhokwe zikuluzikulu zili ndi zochepa zolembedwa mu Africa momwemo. Mpata umenewu umatsekedwako ndi African Journals Online, imene inayambitsidwa ndi bungwe la INASP mu 1998 n'kusamukira ku South Africa mu 2005. Ili ndi magazini mazanamazana a mu Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Mayunivesite angapo a m'chigawochi akhazikitsanso nkhokwe zawozawo zosungira malipoti a ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu. Koma malipoti ambiri akale sanajambulidwebe kuti alowe m'kompyuta. Akadali pa mapepala, m'chipinda chosungira zolemba za dziko, ndipo wowafuna ayenera kupita yekha kukafunsa wa laibulale.