Katswiri Ali ku Limbe, Kompyuta Ili pa Mdeka

Munthu wochokera ku Blantyre pa msewu wa M1, akapitirira Lunzu ndi Lirangwe, amafika pa Mdeka asanaoloke mtsinje wa Shire pa Zalewa. Kumeneku, monga m'madera ena a kumidzi, ntchito zambiri zimene kale zinkachitika ndi cholembera zasamukira mu kompyuta. Ngakhale maina a ana olemba mayeso a MANEB amatumizidwa kudzera pa intaneti. Chotero kompyuta imodzi ya mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu ikadwala, sukulu yonse imagwira njakata.

Kale chochita chinali kuikulunga m'chitenje, kukwera nayo minibasi ndi kukaisiya kwa katswiri m'tauni masiku angapo. Lero kuli mapulogalamu amene amalola katswiriyo kuona zonse zili pa galasi la kompyuta ya pa Mdeka ali chikhalire pa mpando wake ku Limbe, nayendetsa mausi ngati wafika yekha. Odziŵika kwambiri ndi TeamViewer, imene inayamba m'chaka cha 2005 ku Göppingen m'dziko la Germany, ndi AnyDesk ya ku Stuttgart, ya m'chaka cha 2014. Kompyuta iliyonse imapatsidwa nambala yakeyake. Wa kumudzi amatchula nambalayo pa foni, navomereza kuti katswiri aloŵe, ndipo makompyuta aŵiriwo amapezana kudzera pa makina a kampani imene inapanga pulogalamuyo.

Kunena nkosavuta ndithu. Koma mphunzitsi wamkulu wina wa sukulu ya kufupi ndi Mdeka anaona zina. Kutatsala masiku aŵiri kuti nthaŵi yotumiza maina ithe, kompyuta inakana kutsegula mndandanda wa ana. Iye anaimbira mnyamata amene anamphunzitsa kale, yemwe tsopano amakonza makompyuta ku Limbe.

"Aphunzitsi, mungondiŵerengera nambala imene ikuoneka pamwambapo."

"Palibe nambala pano, mwana wanga. Yangolemba kuti sikulumikizika."

"Koma intaneti muli nayo?"

"Ndili nayo. Si ndangokutumizira uthenga pa WhatsApp pompano?"

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo osiyanasiyana, ndipo ena otsika mtengo ndi a WhatsApp kapena Facebook yokha. Munthu amene wagula bandulo yotere amaona mauthenga akuyenda bwinobwino, nakhulupirira kuti ali ndi intaneti yonse, pamene kompyuta imene wailumikiza ku foniyo ilibe njira yofikira kwina kulikonse. Kuyesa kwake nkwapafupi: kutsegula tsamba lililonse la nkhani pa kompyutapo. Likakana, pulogalamu ija ilibe mlandu. Komabe anthu ambiri amathamangira kuifufuta ndi kuikokanso kachiŵiri, kachitatu, mpaka mayunitsi kutha, nthenda ili pena.

Mphunzitsi uja anatuma mwana kukagula mayunitsi pa msika, nagula bandulo yoyenera. Koma tsamba linakanabe, likunena kuti silikukhulupirira kompyutayo. Mnyamata wa ku Limbe anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa tsiku limene linalembedwa pa ngodya ya m'munsi ya galasi. Linali la zaka zambiri zapitazo. M'kati mwa makompyuta ambiri muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga tsiku ndi ola makinawo akazimitsidwa. Makompyuta ambiri a m'sukulu za kumidzi ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo kabatireko kanatha kalekale. Kompyuta ikaona kuti tsiku lake silikugwirizana ndi zikalata za chitetezo za makina a kutali, imatseka chitseko. Kukonza tsikulo ndi dzanja ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma munthu wosadziŵa angathe kutaya tsiku lathunthu osaganizako nkomwe.

Ukalamba wa makinawo umabweretsanso vuto pa kuika pulogalamu. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, koma m'maofesi ambiri idakalipo, ndipo si pulogalamu iliyonse yatsopano imene imalola kukhala pamenepo. Ena amakoka ya 64-bit pamene kompyuta yawo ndi ya 32-bit. Enanso netiweki imaduka pakati, fayilo nkubwera yoperewera. Pa zoterezi nkwanzeru kuti katswiri aike pulogalamu yoyenera pa fulashi tsiku limene wabwera kudzacheza, isungidwe m'kabati pamodzi ndi chidindo cha sukulu.

Nambala inaoneka tsopano, ndipo mnyamatayo analoŵa. Sipanapite nthaŵi, anadandaula kuti galasi laima ndipo mausi sakuyenda. Pa Mdeka panali patatuluka kabokosi ka Windows kofunsa chilolezo cha mwini kompyuta, kamene katswiri wa kutali kaŵirikaŵiri sangathe kukadina ngati sanapatsidwe mphamvu zonse. Anafunika mphunzitsi mwini kuti aŵerenge mawuwo mokweza ndi kudina povomereza. Ichi nchimene ambiri saganizira: katswiri wa ku Limbe, ngakhale aphunzire chotani, ndi wakhungu kufikira wa pa Mdeka atamuuza zimene akuona. Mawu akuti "yangokana basi" sathandiza munthu. Kuŵerenga zimene zalembedwa, liwu ndi liwu, kapena kuzijambula ndi foni, ndiko kumafupikitsa ntchito.

Za magetsi ndiye sizifuna kufotokoza kwambiri. Nkula, imene inayamba kupanga magetsi mu 1966, ndi Tedzani zili pa Shire yomweyi, osati kutali ndi Mdeka, koma kuyandikana kumeneku sikuletsa mdima. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunasautsa anthu mpaka 2023. Magetsi akazima katswiri ali m'kati mosintha zinthu, kompyuta ingathe kutsala yodwala koposa poyamba. Nchifukwa chake mnyamata uja asanagwire kanthu anayamba wakopera mndandanda wa ana pa fulashi.

Pali chinanso chimene chiyenera kunenedwa mosabisa. Kutchula nambala ija ndi kuvomereza kuli ngati kupereka kiyi wa nyumba. Woloŵayo amaona makalata, malikisi a ana ndi za ndalama za sukulu. M'maiko ambiri akuba amaimba foni nadzitcha ogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya mafoni, nauza munthu kuti aike pulogalamu yotereyi kuti amthandize. Akaloŵa amasesa zonse. Kuno kwathu, kumene anthu aberedwa kale kwambiri ndi mauthenga abodza a ndalama za pa foni, palibe chifukwa choganizira kuti njira imeneyi sidzafika. Woyenera kuloŵetsedwa ndi amene mwini kompyuta wamuimbira yekha, amene amadziŵa nkhope yake ndi kwawo.

Maina a ana anapita madzulo a tsiku lomwelo. Asanadule foni, mnyamatayo anati: "Aphunzitsi, tsopano tsekani pulogalamuyo ine ndikuona, ndipo kabatire kaja ndidzabwera nako Loŵeruka." Mphunzitsi analemba dzina la bandulo yoyenera pa kapepala, nakamata m'mbali mwa kompyuta.