DZINA LA MAI LILEMBEDWE M'BUKU

Wolemba: Mlangizi wa za Ulimi, Kasina, Dedza

M'caka ca 2019, pamene ndinali kuyendera nkhokwe za acikumbi kuno ku Kasina, ndinapeza mai wina alikutonola cimanga ca ganyu pakhomo pa mnzace. Iye ndi mwamuna wace anali atangobwera kucokera ku esiteti ina ya fodya ku Kasungu, kumene anakhala matenanti. Ndinafunsa kuti, "Kodi mai, mwabwerako ndi ciani?" Iwo anayankha nati, "Alangizi, funsani abambo. M'buku la kapitao munalibe dzina langa." Mau amenewo sanandicoke m'mutu kufikira lero.

Acikumbi anzanga, tiyeni tiwerenge nchito ya fodya monga ana awerengera samu pa sukulu. Atunga madzi othirira nazale dzuwa la October lili pamutu ndani? Apalira, nathyola masamba, nawasoka m'cigafa mpaka mdima, mwana ali kumbuyo, ndani? Tonse tidziwa yankho lace. Koma tsiku la okushoni ku Kanengo, belo lipita m'dzina la munthu mmodzi, ndipo ndalama zitsata dzina lomwelo.

Kuno ku Dedza akazi sanayambe lero kusenza munda. Zaka zija amuna anali kupita ku Joni ndi Wenela, ena ku Halale, anadzaza nkhokwe ndi amai. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa ndi Dr Banda mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a kwathu oposa 70. Komanso m'midzi yambiri ya cikamwini, munda womwewo uli wa mbumba ya mkazi. Conco mai ndiye mwini nthaka, ndiyenso wanchito, koma polandira akhala mlendo.

MIGWIRIZANO YA ANCHITO

Mgwirizano wa anchito ndiwo bungwe la anthu olembedwa nchito, amene asankha atsogoleri oti akalankhule ndi bwana za malipiro ndi madandaulo. Woyamba kulembedwa ndi Boma m'dziko muno unali wa oyendetsa magalimoto ku Blantyre mu 1949, ndipo anchito a njanji anatsatira. Zonsezi zinali nchito za amuna a m'tauni. Mkazi wa pa esiteti sanawerengedwe, cifukwa mgwirizano ulankhulira munthu amene ali ndi malipiro, ndipo iye analibe. Pangano la utenanti linali pakati pa mwini esiteti ndi mwamuna. Banja lonse linagwira nchito, phoso ndi feteleza zinalembedwa ngongole, ndipo zotsala zinaperekedwa kwa bambo fodya atagulidwa, ngati zinatsalako.

Zinthu zinayamba kusintha ndi ufulu wa zipani zambiri. Malamulo akulu a dziko a 1994 apatsa munthu aliyense ufulu wolowa mgwirizano wa anchito, ndipo lamulo la 1996 linalongosola kayendetsedwe kace. Matenanti a fodya anapeza bungwe lao lochedwa TOTAWUM. Lamulo la za nchito la 2000 linanena kuti mkazi ndi mwamuna alandire mofanana pa nchito yofanana, ndi kuti mai wobereka apume masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Potsiriza, mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Tsono wogwira nchito pa esiteti ayenera kulembedwa ndi kulipidwa ngati wanchito, ndipo m'menemo mkazi apeza khomo lolembetsera dzina lace payekha.

NANGA IFE A MINDA ING'ONOING'ONO?

Musaganize kuti nkhani iyi ikhudza eni maesiteti okha ai. Kuyambira 1990, pamene alimi a m'midzi analoledwa kulima bale, ambiri a inu mwasanduka mabwana aang'ono: mulemba aganyu, ndipo m'nyumba mwanu muli wanchito wosalipidwa. Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu.

Coyamba, mai wa ganyu akatha ndime yofanana ndi ya bambo, mpatseni ndalama kapena mbale za cimanga zofanana.

Caciwiri, polembetsa ku kalabu ya alimi ndi ku banki, dzina la mkazi wanu likhalepo. Ndaona amai amasiye fodya ali tho m'cigafa, koma osakhoza kulandira ndalama zace msanga cifukwa m'mabuku sadziwika.

Cacitatu, kapepala ka malonda kakabwera, khalani pamphasa awiri, muwerenge pamodzi, mugawe za feteleza, za sukulu ndi za pakhomo.

Ndipo inu amai amene mupita kukagwira nchito ku maesiteti, musananyamule khasu funsani ngati mwalembedwa, ndi kuti mudzalandira zingati pa mwezi. Mukacitidwa zosayenera, pitani ku ofesi ya za nchito pa Boma, kapena kwa atsogoleri a mgwirizano, ndipo pitani muli gulu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.