Mbatata yofiira mkati ikhoza kupulumutsa ophika masikono

Pamasiteji a Liwonde ndi Ntaja m'boma la Machinga, ngakhalenso pa Ulongwe ndi Phalula ku Balaka, sipasowa amayi osenza mabeseni a mandasi, masikono ndi zitumbuwa. Kabizinesi kameneka ndiko kamagula sopo ndi makope a ana m'mabanja ambiri, koma katsamira pa fulawa yemwe mtengo wake sukhazikika.

Tirigu wambiri amene Amalawi amadya ndi woitanitsa kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mtengo wake udakwera padziko lonse, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakweranso. Wophika amatsala ndi njira ziwiri zowawa: kuchepetsa sikono kapena kukweza mtengo, ndipo zonsezi zimathawitsa makasitomala.

Njira yachitatu ili m'munda. Mu 2011, nthambi ya kafukufuku mu Unduna wa Zamalimidwe, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, idatulutsa mitundu ya mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere, Kaphulira, Mathuthu, Chipika ndi Anaakwanire. Mbatatayi imapatsa thupi vitamini A, ndipo imapirira ng'amba kuposa chimanga, zomwe n'zofunika ku Balaka kumene mvula imavuta kawirikawiri. Ikawiritsidwa n'kupondedwa, imalowa m'malo mwa gawo lina la fulawa, komanso kutsekemera kwake kumachepetsa shuga wofunika.

Komabe mbatata singalande malo onse. Tirigu ali ndi puloteni yotchedwa gluten, imene imanandisa ufa ukakandidwa n'kusunga mpweya wochokera ku yisiti. Ndicho chifukwa buledi amafufuma. Mbatata, chimanga ndi chinangwa zilibe gluten, choncho pa buledi ndi masikono ndi bwino kuyamba ndi gawo limodzi la mbatata pa magawo awiri a fulawa. Mbatata ikachuluka, buledi amalemera ndipo amakhala wamadzimadzi mkati. Madzi othira pokanda ayeneranso kuchepa, poti mbatata yophika imabwera ndi chinyezi chake.

Mabisiketi ndiwo savuta, chifukwa safuna kufufuma kwambiri. Wophika amasakaniza kapu imodzi ya mbatata yopondaponda ndi masipuni anayi a majarini ndi theka la kapu ya shuga. Kenako amathira makapu awiri a fulawa, timasipuni tiwiri ta baking powder ndi kamchere pang'ono. Amakanda mopepuka, n'kuyala ufawo pathebulo pogubuduza botolo loyera, ndi kudula ndi kukamwa kwa tambula. Kukanda nthawi yaitali kumalimbitsa mabisiketi.

Chigumu, chimene ena amachitcha chikondamoyo, sichifuna fulawa n'komwe. Nthochi zakupsa kwambiri, ufa wa mgaiwa, soda, mchere ndi mafuta pang'ono n'zokwanira. Chinsinsi chili pa soda: akachuluka, chigumu chimawawa ngati sopo, akachepa, chimauma gwa.

Kusowa uvuni si chifukwa cholekera. Poto wokhuthala amagwira ntchito pambaula, bola makala ambiri akhale pachivundikiro ndipo pansi pakhale moto wochepa, apo ayi kunsi kumapserera pamwamba pasanapse. Ena amathira mchenga wouma pansi pa poto wamkulu n'kukhazikapo thireyi kuti kutentha kufalikire mofanana. Kabango kapena mpeni wobaya pakati ukatuluka wouma, ndiye kuti chapsa.

Chenjezo n'lakuti zophika za mbatata ndi nthochi zimachita nkhungu msanga m'nyengo yotentha ya m'chigwa cha Shire. Ziyenera kuzizira bwino zisanaikidwe m'pepala lapulasitiki, ndipo wanzeru amaphika zokwanira kugulitsa tsiku limenelo. Phindu lopezeka pochepetsa fulawa likhoza kuthera m'dzala ngati katundu wagona.