Mutu 7: Maola 72 Oyambirira

Mayi akagwiriridwa, kapena akamenyedwa ndi mwamuna wake, nkhani imakonda kuyambira kwa ankhoswe. Uthenga umatumizidwa, akuchimuna amati abwera mawa, akuchikazi amati tidikire amalume. Ankhoswe ali ndi malo awo pa mikangano ya m'banja, koma pa nkhani ya kugwiriridwa kudikiraku kumadya nthawi imene thupi la mayiyo lilibe.

Nthawiyo ndi maola 72. Mankhwala a PEP, oteteza munthu kuti asatenge kachilombo ka HIV, amathandiza akayamba kumwedwa masiku atatu asanathe, ndipo amamwedwa kwa masiku 28 osadumphitsa. Kuyamba tsiku lomwelo kumaposa kuyamba tsiku lachitatu, chifukwa mankhwalawa amathamangira kuti kachilomboko kasakhazikike m'thupi. Mapiritsi oletsa kutenga mimba pangozi amagwira ntchito mpaka masiku asanu. Kuchipatala amaperekanso mankhwala a matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chindoko.

Umboni nawo umafufutika. Munthu wogwiriridwa amalakalaka kusamba, ndipo palibe amene angamudzudzule. Komabe, ngati angathe, apite kuchipatala asanasambe, atanyamula zovala zimene anavala panthawiyo. Azikulunge m'pepala, osati m'jumbo, poti chinyezi chimawononga umboni. Amene wasamba kale apitebe. Mabala ndi mikwingwirima zimene dokotala walemba mu lipoti lake ndi zimene zimakamuimira mayiyo kukhoti, chifukwa nkhanza zotere zimachitika m'chipinda, mopanda mboni.

Kale mayi ankafotokoza zomwezo kwa wapolisi, kwa namwino, kenako kwa wina, mpaka kutopa n'kungozisiya. N'chifukwa chake kunakhazikitsidwa malo a Chikwanekwane, monga a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira munthu pamalo amodzi. Kupolisi kulinso nthambi ya Victim Support Unit yolandira madandaulo otere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti amayi ambiri amachotsa milandu poopa kuti bambo akamangidwa ana adya chiyani. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo kuwauza kuti banja ndi kupirira n'kungowatsekera pakamwa. Ambiri sadziwa kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja, limene Malawi anakhazikitsa mu 2006, lili ndi njira zina kupatula ndende. Lamuloli limaona ngati nkhanza kumenya, kukakamiza kugonana, kuopseza, ngakhale kumana banja ndalama mwadala. Mayi angapemphe khoti kuti liletse mwamunayo kumuzunza kapena kumuyandikira. Khoti lingathenso kulamula kuti wochita nkhanzayo ndiye atuluke m'nyumba, mayi ndi ana atsale momwemo, m'malo moti mayi azithawira kwawo usiku mwana ali kumbuyo.