Kabokosi kosungiramo ana obadwa masiku asanakwane

Anzathu achinyamata, ena mwa inu mudaonapo kuchipatala kabokosi koonekera mkati, komwe amagonekamo khanda lobadwa masiku asanakwane. Achipatala amakatcha incubator. Mwana wotere amakhala ndi mafuta ochepa m'thupi ndipo khungu lake ndi lopyapyala, choncho amazizidwa msanga komanso amataya madzi kudzera pakhungu.

Namwino amamata kachipangizo pamimba pa mwanayo. Kutentha kwa thupi kukatsika kuchoka pa mlingo woikidwa, monga madigiri 36.5, makinawo amawonjezera okha kutentha, kukakwera, amachepetsa. Mulinso kathanki ka madzi kotulutsa chinyezi kuti khungu lisaume.

Vuto ndi magetsi: akathima, zonsezi zimaima. N'chifukwa chake timaphunzitsanso amayi njira ya kangaroo, yofungatira mwana pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu. Abambo nawonso angathe, anyamata musaiwale.