Mapazi a Wodwala Shuga Amene Amasefedwa Magazi

Matenda a shuga akakhalitsa m'thupi amaononga impso, ndipo impso zikalephereratu, wodwala amaikidwa pa makina osefa magazi, monga amene ali ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kusefaku kumatenga pafupifupi maola 4 nthaŵi iliyonse, ndipo maso a onse amakhala pa mkono ndi pa makinawo. Mapazi amaiŵalika m'nsapato, chonsecho ngozi yaikulu imayambira komweko.

Shuga yemweyo amapha mitsempha yomvera kukhudza, kotero kuti phazi limachita dzanzi. Munthu aponda munga, kapena apsa poothera mbaula m'mwezi wa June, osamva kanthu. Nayo mitsempha ya magazi imauma ndi kuchepa njira, makamaka mwa odwala impso, motero chilonda chimachedwa kupola. Pa makina paja kuthamanga kwa magazi nthaŵi zina kumatsika, ndipo zidendene zimakhala zitatsamira malo amodzi kwa maola ambiri. Kabala kakang'ono kangathe kufikitsa munthu podulidwa mwendo.

Nchifukwa chake namwino wosamala amavula wodwala nsapato ndi sokosi zomwe. Amayang'ana pakati pa zala, pansi pa phazi ndi ku chidendene, kufunafuna ming'alu, matuza ndi khungu losintha mtundu. Kenaka wodwala atatsinzina, namwinoyo amamgunda pansi pa phazi ndi kaulusi kolimba kamene kamapindika pa mphamvu ya magalamu 10. Wosakamva ndiye kuti phazi lake lasiya kumchenjeza. Amapapasanso kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo. Apa pafunika kuchenjera: mitsempha youma ija imanamiza chipangizo chopimira pa kakolo, nichionetsa ngati magazi akuyenda bwino, choncho kupima pa chala chachikulu nkodalirika koposa.

M'chaka cha 2019 bungwe la International Working Group on the Diabetic Foot lidaika wodwala impso wotere, amene phazi lake lachita dzanzi kapena magazi sakufikako bwino, m'gulu la ngozi yoposa onse, loyenera kupimidwa pa mwezi umodzi kufikira itatu iliyonse. Kumudzi ntchitoyi imagwera wachibale, popeza shuga amafooketsanso maso: kuona mapaziwo tsiku ndi tsiku, ndi kukutumula nsapato wodwala asanavale, kuwopa kamwala kobisala m'kati.