BASI YA M'THENGO LA ALASKA IMENE INAKOPA ACHINYAMATA MPAKA ENA KUFA

Pa 18 Junho 2020, ndege ya helikopita ya asilikali a chigawo cha Alaska, kumpoto kwa dziko la Amereka, inanyamula basi yakale yodzala dzimbiri kuichotsa pakati pa thengo. Basiyo, ya nambala 142, inali itakhala pamalopo kuyambira 1961, pamene kampani yokonza msewu inaisiya. Boma linati latopa ndi kupulumutsa anthu amene ankaika moyo pachiswe pofuna kungoiona. Awiri mwa iwo anali atafa kale.

Chimene chinatchukitsa basiyi ndi imfa ya mnyamata wina, Christopher McCandless, amene anaferamo ndi njala mu 1992 ali ndi zaka 24.

McCandless sanali mmphawi. Anakulira m'banja lopeza bwino ku Virginia ndipo anamaliza maphunziro pa yunivesite ya Emory mu 1990. Atangomaliza anapereka ndalama zake, madola 24,000, ku bungwe la Oxfam, nachoka osatsanzika makolo. Anadzipatsa dzina latsopano, Alexander Supertramp, nayendayenda zaka ziwiri. Maganizo ake anali akuti moyo weniweni uli kuthengo, kutali ndi ndalama, ntchito ndi anthu.

Pa 28 Abril 1992, bambo wina wa ntchito ya magetsi anamutenga pa galimoto mpaka poyambira njira yotchedwa Stampede, pafupi ndi tauni ya Healy. Bamboyo ataona katundu wa mnyamatayo anachita mantha. Munali mpunga wosakwana makilo 5, mfuti yaing'ono, zipolopolo, mabuku, ndi chofunda. Mapu abwino a deralo analibe. Anayesa kumuletsa koma anakana. Chimene analandira ndi nsapato za jombo zimene bamboyo anamukakamiza, pamodzi ndi kachakudya pang'ono.

Analowa m'thengo, nawoloka mtsinje wa Teklanika madzi ali ochepa, napeza basi ija, imene alenje ankagonamo nthawi ya uzimba. Munali bedi ndi mbaula ya nkhuni. Anakhazikika momwemo.

Masiku oyamba zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda. Ankapha agologolo, nungu ndi mbalame, n'kumatola zipatso ndi kukumba mizu. Koma tinyama totere tilibe mafuta okwanira. Munthu woyenda tsiku lonse m'dziko lozizira kusaka gologolo amataya mphamvu zambiri kuposa zimene gologoloyo am'bwezera. Mimba imakhuta, koma thupi limanka likutha pang'onopang'ono.

Mu Junho anapha moose, nyama yaikulu ngati ntchefu, imene ikanamudyetsa miyezi. Apa m'pamene kusadziwa kunaonekera poyera. Alenje a ku Alaska amacheka nyama mopyapyala n'kuiyanika pathandala kuti iume ndi mphepo. Iye anatsata malangizo amene anamva kwa alenje a dera lina lakutali, nayesa kuiwamba ndi utsi, ali yekha, nyama ili mulu. Ntchentche zinamupambana liwiro. Patangopita masiku ochepa nyamayo inagwa mphutsi, ndipo yambiri anaisiyira zilombo.

Kumayambiriro kwa Julho anaganiza zobwerera kwa anthu. Mfundo imeneyi ambiri omutamanda amaiiwala: mnyamatayu sanapite kukafa, ankafuna kutuluka. Atafika pa Teklanika anapeza mtsinje wina. Kuno mitsinje imadzaza ndi mvula, koma kumeneko imadzaza ndi dzuwa, chifukwa nyengo yotentha imasungunula madzi oundana a m'mapiri. Pamene anawoloka wapansi mu Abril panali tsopano madzi aukali, ozizira koopsa. Anabwerera ku basi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chakumunsi kwa malo amene anaimawo, mtunda wosakwana kilomita imodzi, kunali chingwe chachitsulo chodutsa mtsinje, chokhala ndi kabokosi kokweramo munthu, chimene anthu oyeza madzi anaika. Malowo anali pa mapu a boma. Akanakhala ndi pepala limenelo akanawoloka tsiku lomwelo.

Kumapeto kwa Julho analemba m'kabuku kake kuti wafooka kwambiri, ndipo anaganizira njere za chomera china chonga mbatata yakuthengo. Anali ndi buku lofotokoza zomera zimene anthu a mtundu wa Dena'ina, eni nthaka a ku Alaska, amadya. Mizu ya chomeracho imadyedwadi. Za njere zake akatswiri akhala akutsutsana zaka zambiri, ena akuti zili ndi poizoni wofooketsa munthu wanjala, ena akuti njala yokha inali yokwanira kumupha. Koma buku si gogo. Eni dera amaphunzira zimenezi kuyambira ali ana, akuyenda ndi akulu, ndipo amakhala m'gulu: wina akadwala, ena amasaka.

Anamwalira cha pakati pa Agosto, atakhala m'thengomo masiku opitirira 110. Alenje anapeza mtembo wake pa 6 Setembro 1992. Unkalemera makilo 30 okha.

Nkhaniyi ikanathera pomwepo pakanapanda buku. Mu 1996 mtolankhani Jon Krakauer anatulutsa buku lotchedwa Into the Wild, ndipo mu 2007 Sean Penn anapanga filimu ya dzina lomwelo. Bukulo silibisa zolakwa za mnyamatayo. Koma pa kanema mapiri amakongola, nyimbo imakoma, ndipo njala ya miyezi imatha m'mphindi zochepa. Achinyamata a m'maiko ambiri anayamba kumuona McCandless ngati ngwazi ya ufulu, basi ija n'kusanduka ngati kachisi. Anthu a ku Healy, amene amadziwa thengolo, ambiri ankaona mosiyana: kwa iwo anali mwana wa m'tauni amene sanamvere malangizo.

Alendo anayamba kubwera, ena ndi zikwama zopepuka ngati za iye uja. Kuti afike pa basi, ulendo wa makilomita oposa 30, ankayenera kuwoloka Teklanika yemweyo. Mu Agosto 2010 mayi wa zaka 29 wa ku Switzerland anamira pamenepo. Mu Julho 2019 mayi wina wa zaka 24 wa ku Belarus, amene anali atangokwatiwa kumene, anakokoloka ndi madzi mwamuna wake akuona. Boma la Alaska linanena kuti pakati pa 2009 ndi 2017 linachita ntchito zopulumutsa anthu zokwana 15 chifukwa cha basiyi. Mu Fevereiro 2020 linapulumutsa alendo 5 a ku Italy, mmodzi mapazi atawonongeka ndi chisanu. Mu Abril chaka chomwecho linakatenga mwamuna wa ku Brazil amene chakudya chinamuthera.

Aliyense wopulumutsidwa amafuna ndege, mafuta, ndi anthu ena oika moyo wao pangozi kuti akamutenge. Munthu wonena kuti safuna thandizo la wina aliyense amadzathera m'manja mwa apolisi ndi anthu ongodzipereka a m'tauni yaing'ono, amene sanamuitane.

N'chifukwa chake akuluakulu a dera la Denali anapempha kuti basiyo ichotsedwe. Asilikali anaboola denga lake, namangirira maunyolo, helikopita ya mtundu wa Chinook n'kuinyamula. Pambuyo pake inaperekedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya yunivesite ya Alaska, mu mzinda wa Fairbanks.

Makolo a McCandless anafika pa basiyo mu 1993, miyezi khumi mwana wao atapezeka. Iwo anapita pa helikopita. Anaika chikwangwani cha chikumbutso pafupi ndi khomo, ndipo pansi pa bedi anasiya sutikesi ya zakudya za m'zitini ndi mankhwala, kuti wina wodzafika pamenepo ali ndi njala adzapeze chodya.